Miyezi Makumi Awiri ndi Inayi

Pa ntchito yanga anthu amaima.
Ndikati "dikirani," akwati amadikira,
wofuna chiphaso amaumitsa khosi kutsogolo kwa nsalu yoyera,
ngakhale khanda limatopa kulira n'kundiyang'ana.
Zaka khumi ndi zitatu ku Kawale
ndinkayesa kuti kujambula ndimatha.

Ndiye Loweruka lija ndinagula lenzi ya a Chimpango,
yaitali ngati mkono, youma poizunguza,
eniake maso atayamba kuchita nkhungu.
Ndinalawirira nayo ku Lingadzi.
Zithunzi mazana awiri:
nthambi,
nthambi ikugwedera,
mchira wa chinachake ukutuluka pakona,
nthambi.
Ulemu anasuzumira pa kompyuta nati,
"Ababa, koma mitengo mumaitha."

Choncho ndagula kope la masamu, la timabokosi,
ndalembamo miyezi makumi awiri ndi inayi.

Ndiyambira khwangwala wa padzala la kumsika,
poti sathawa munthu, ali ndi zochita zake.
Koma musamuderere.
Ukatsegulira kuwala kuti nthenga zakuda zioneke,
kolala yake yoyera imapserera;
ukapulumutsa kolalayo, mutu wonse ndi khala.
Miyezi iwiri pa iye yekha, ndipo sindichita manyazi.

Juni ndi wa nantchengwa.
Amaima m'madzi ngati akuwerengera ngongole zake,
ndiye adzandiphunzitsa kupuma:
zigongono m'nthiti, mpweya m'chifuwa,
chala chitsike ngati chikuopa kudzutsa mwana.
Choimikapo kamera ndilibe.
Ulemu wandisokera kathumba ka mchenga,
ndidzakasanjika pa chitsa.

Madzulo a Okutobala, fumbi likafiiritsa dzuwa,
nthengu pa waya wa magetsi.
Akuti diso lake ndi lofiira.
Ine ndakhala naye mzinda umodzi moyo wanga wonse
koma sindinalionepo.

Mvula ikagwa, ku Kauma,
kumadamu kothera zonyansa za mzinda,
kumene wakabaza anandifunsa kawiri
ngati ndikunenadi komweko.
Fungo lake limagona m'malaya mpaka Lachiwiri,
koma kakowa amatera pomwepo ali mbuu,
ndipo akuti kumafika alendo ochokera kumaiko ozizira,
owoloka malire onse opanda chiphaso,
osanaimepo kutsogolo kwa nsalu ya munthu.
Kamera ndidzaiveka jumbo ya shuga.

Pali masamba amene ndasiya osalemba.
Palibe mbalame inasayina kope ili.
Mwina mkuyu umene ndaudalira Ogasiti wa chaka chamawa
ndidzaupeza uli m'thumba la makala pa njinga,
pamalo pake akukumba maziko.
Mwina lenziyo idzamera nguwi mkati.
Mwina ine ndi amene ndidzatope.

Ndili mwana ku Mchesi ndinkayenda ndi legeni m'khosi.
Timba, mpheta, pumbwa:
ndinkadziwa pobisala,
kochokera mphepo,
poponda phazi kuti tsamba louma lisandiulule.
Sindinkaphonya kawirikawiri.
Maondo akukumbukirabe zonsezo, ngakhale tsopano amalira.
Chimene ndikuphunzira n'kubwerera kunyumba
mbalame ili m'chikwama changa,
ilinso mumtengo.

Pa tsamba lomaliza ndalemba: namzeze akuuluka,
woonekera bwino kuyambira mlomo mpaka mphanda ya mchira.
Mai a Ulemu awerenga, aseka:
"Ameneyo mudzamjambula mukuyendera ndodo."
Kaya.

Batire ili pamoto, magetsi akadalipo.
Alamu ndaitchera folo koloko.
Mawa masana kuli ukwati ku Biwi,
anthu makumi asanu amene adzaima ndikawauza,
koma m'mawa wonse ndi wa khwangwala.